Tambala wa amalume ndi nsomba ya msuweni wanga

Msuweni, uthenga wako ndaumva, ndipo vidiyo ija ndaionera katatu, kachitatuko nditavala magalasi chifukwa maso anga masiku ano sakhulupirikanso. Amayi ndi azakhali amene muli pagulu pano mundikhululukire, uthengawu utalikirapo. Wafunsa ngati kuli mankhwala oti uthire m'madzi kuti nsomba yakoyo, ija ya mtundu wa betta, ikhazikike, kapena ngati uigulire inzake, poti ikungokwera ndi kutsika m'mbali mwa galasi ngati yasowa wocheza naye. Koma ine ndinakudziwa uli kumsana, ndipo mawu ako aja sanali a munthu wofuna dzina la mankhwala. Iwe ukufuna kudziwa ngati nsombayo ifa, ndiponso chimene udzamuuze mwana uja ikafa, pakuti unamugulira kuti azikhala ndi chomusangalatsa masana pamene iwe uli kuntchito. Choncho ndiyambira pamenepo.

Mmene ndaionera, imeneyo si nsomba yoti yatsala pang'ono kufa. Zaka zinayi zija ndinkagwira ntchito m'shopu ya ziweto ku Cape Town ndinaona ma betta odwala ambiri, ndipo yodwala sikhala ndi changu chotero. Imafinya zipsepse zake, mtundu wake umazilala, imagona pansi kapena kubisala kuseri kwa fyuluta, kachipangizo kosefa madzi kaja, ndipo chakudya imangochiyang'ana. Yakoyo yatambasula zipsepse zonse, kufiira kwake n'kowala, ndipo wanena wekha kuti ikudya bwino, zimene sizikundidabwitsa poganizira mwini wake ndi zimene tonse tinaona pa ukwati uja.

Tsono ndisanafike pa nsombayo, ndikukumbutse za tambala wa amalume, abambo ako aang'ono, chifukwa pamene ndimaonera vidiyoyo ndi iye amene anabwera m'maganizo mwanga. Iwe sungakumbuke, unali usanayambe kuyenda. Atabwera ku Theba ulendo womaliza, amalume anabweretsa wodilopu ya zitseko zitatu, chitseko chapakati chili ndi kalilole wamtali woti munthu nkudziona kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Wodilopuyo inakana kulowa m'nyumba chifukwa khomo linali lalifupi, ndipo amalume anakanitsitsa kuti wina aimasule, amvekere amene anailumikiza ali ku Joni ndipo kuno kulibe mmisiri woyenera kuikhudza. Inakhala pakhonde kuyambira nthawi yokolola kufikira mvula yoyamba, ndipo anthu opita kuchigayo ankapatuka kudzakonzerapo mipango yawo.

Pakhomopo panali tambala wofiira. Ayi, ndalakwitsa, wofiira anali wa azakhali, uja tinadya pa sadaka. Wa amalume anali wamawangamawanga, wamkulu, wolira mokweza kuposa atambala onse a mbali ija. Tsiku lina m'mawa, dzuwa litangofika pakhonde, anakwera n'kuima kutsogolo kwa kalilole, ndipo anapezamo tambala wina wamawangamawanga, wamkulu ngati iye, akumuyang'ana mopanda mantha pakhomo pake pomwe. Anaimitsa nthenga za m'khosi, winayo n'kuimitsanso. Analumpha n'kumenya, winayo n'kumenyanso nthawi yomweyo. Atatopa anazungulira kuseri kwa wodilopu kukamufuna mdaniyo, sanapezeko kanthu, anabwerera kutsogolo, n'kumupeza ali pomwepo akumudikira. Zimenezi zinkachitika tsiku ndi tsiku. Tambala uja analeka kupalasa, analeka kuthamangitsa nkhuku zazikazi, chimanga chikamwazidwa ankangojompha kawiri n'kuthamangira kukhonde, ndipo pasanathe mwezi anali ataonda moti fupa la pachifuwa linkaonekera.

Amalume poyamba ananena kuti tambalayo walodzedwa ndi anthu a nsanje ndi wodilopu, ndipo anatchula ndi maina omwe, amene sinditchula pano chifukwa zidzukulu zawo zina zili pagulu lomwe lino. Kenako anati ndi matenda, n'kuyamba kumumwetsa madzi a tsabola m'mawa uliwonse, ine ndikugwira mapiko. Sizinathandize. Ndiye anati mwina wasungulumwa, akazi amuchepera, ndipo anapita kumsika n'kugula misoti iwiri, koma tambala sanaiyang'ane n'komwe. Pomaliza anafika pa nzeru imene mpaka lero amayi akaikumbukira amagwira pakamwa. Anati tambalayu mkwiyo wamudzadza, afunika mnzake weniweni woti alimbane naye kuti mtima uphwe. Anakabwereka tambala kutsidya kwa mtsinje n'kuwasiya awiriwo pabwalo. Dikira pang'ono, ndimwe madzi. Tambala wobwereka uja anabwerera kwawo ali ndi diso limodzi, mlandu unafika kwa amfumu, ndipo amalume analipira nkhuku ziwiri, zomwe zinali misoti yomwe ija. M'mawa mwake wamawangamawanga, magazi asanaume n'komwe, anali pakhonde akumenyana ndi kalilole.

Nthawi yonseyi agogo sanayankhulepo, mwina ankafuna aone pamene mwana wawo athere nzeru. Tsiku limenelo anatenga chitenje chawo chakale, anaphimba chitseko chapakati chija, n'kutsindika ndi mwala pamwamba. Tambala anakwera pakhonde, anaima, anapendeketsa mutu uku ndi uku, analira kamodzi, n'kutsika kupita kudzala kukapalasa. Nkhani inathera pomwepo. Amalume mpaka lero amati tsabola uja ndi amene anagwira ntchito mochedwa, ndipo wina akawamvetsera uthengawu, ine ndidzakana kuti si mawu anga.

Tsopano bwerera ku vidiyo yako. Unaijambula usiku, nyale ya pabalaza utathimitsa, ya m'thanki yokha ikuwala. M'kati mukawala kunja kuli mdima, galasi limasanduka kalilole kwa amene ali m'katimo, monga zimakhalira m'basi usiku nyale zikayatsidwa, pamene pazenera suona kunja koma umadziona wekha. Uonetsetse pamene ikufika pakona ya kumanzere: ikutukumula zivindikiro za m'mbali mwa mutu zija imapumira, ikutambasula zipsepse, ikupendekera cham'mbali kuti ioneke yaikulu. Kumeneko n'kuopseza mdani. Nsomba yako ndi yaimuna, zipsepse zazitalizo zikuchitira umboni, ndipo betta yaimuna silola yaimuna inzake pamalo pake. Dzina lake la sayansi ndi Betta splendens, kwawo ndi ku Thailand, dziko limene kale linkatchedwa Siam, ndipo n'chifukwa chake m'mashopu amailemba kuti Siamese fighting fish. Anthu a kumeneko akhala akuziweta kwa zaka mazana ambiri, posankha zaukali kuti azizimenyanitsa, ndipo mu 2019 boma lawo linaisankha kukhala chamoyo cha m'madzi choimira dzikolo. Ukaika zazimuna ziwiri m'thanki imodzi, zimang'ambana zipsepse, ndipo poti yogonja ilibe kothawira, kawirikawiri imafa. Ngakhale yaikazi siikidwa ndi yaimuna kwa nthawi yaitali. Ndiye yankho langa ndi ili, msuweni: nsombayo sinasungulumwe ndipo sinapenge, vuto lili pa malo amene waiikamo, ndipo ndi malowo amene afunika kukonzedwa.

Yamba ndi chitenje cha agogo. Mata pepala losanyezimira, ngakhale la katoni, kunja kwa galasi la kumbuyo ndi la m'mbali, usiye la kutsogolo lokha. Nyale ya m'thanki iziyaka pamene m'chipindamo mukuwala, kwa maola 8 patsiku basi, ndipo usiku izithima kuti nsombayo igone, pakuti nsomba zimagona ngakhale kuti sizitsinzina. Kutukumuka kwa mphindi zochepa sikuipweteka, koma kwa tsiku lathunthu kumaitopetsa monga kunamuondetsera tambala uja.

Komabe ndingakunamize ndikanena kuti kalilole ndiye vuto lokhalo, chifukwa kathanki kako ndakaona, ndipo sikapitirira malita 5. Kapena ndinene kuti malita 6, usandikwiyire. Ogulitsa amakonda kunena kuti nsombazi kwawo zimakhala m'zithaphwi, koma kwawoko ndi minda ya mpunga, madambo ndi ngalande, madzi osaya koma otambalala, oyenda pang'onopang'ono, odzaza ndi udzu ndi masamba obisalamo. Betta imodzi imafuna thanki ya malita 20 kapena kuposerapo. M'madzi ochepa zonyansa zake ndi chakudya chotsala zimasanduka poizoni wotchedwa amoniya msanga, ndipo amoniya amaiwotcha m'malo opumira, moti imathamangathamanga kufuna pothawira, madziwo akuoneka oyera bwinobwino. Gula zoyezera madzi kushopu komweko. Amoniya ndi nitrite, poizoni winanso wochokera ku amoniyayo, ziyenera kukhala pa 0. Thanki yatsopano imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti tizilombo tabwino timene timadya amoniya tichuluke mu fyuluta, ndipo n'chifukwa chake siponji ya fyuluta siitsukidwa pampopi, imangofinyidwa m'madzi amene wachotsa m'thankimo. Sabata iliyonse uzichotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo, n'kuthiramo ena amene wadonthezeramo mankhwala ochotsa klorini. Amenewo ndiwo mankhwala okhawo amene ndikukuloleza kugula lero. Kufikira utapeza thanki yaikulu, m'kathanki kameneko uzisintha kawiri pa sabata.

Palinso fyuluta ija ikulavula madzi ngati mpopi wa pamsika. Zipsepse zazitalizo n'zolemera, ndipo nsombayo imavutika kusambira molimbana ndi madzi othamanga, choncho chepetsa mphamvu yake kapena umange kasiponji potulukira madzipo. Za kuzizira kwa Johannesburg sindikuuza, iwe wemwe umalira chaka chilichonse June ndi July akafika. Nsombayi imafuna madzi a madigiri 25 mpaka 27, osasinthasintha, ndiye hita yaing'ono ndi choyezera kutentha n'zofunika. Madzi akazizira imafooka, n'kuyamba kugwidwa matenda. Uikemo zomera zamoyo kapena zansalu, chifukwa zapulasitiki zolimba zimang'amba zipsepse, ndiponso kamphika koti izibisalamo. Masamba ouma a Indian almond amene amagulitsa m'mashopumo amasandutsa madzi kukhala ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo ma betta amakhazikika bwino m'madzi otero. Pamwamba pakhale chivindikiro chifukwa imalumpha, koma usiye mpata wa mpweya pakati pa madzi ndi chivindikirocho.

Mpatawo ndautchula dala, chifukwa pali zina zimene ungaziyese kusakhazikika pamene ndi chibadwa chake. Betta ili ndi chiwalo m'mutu chimene chimaithandiza kupuma mpweya wa kunja ngati ife, ndiye ukaiona ikukwera pamwamba n'kumeza mpweya nthawi ndi nthawi, usaope. Ukapeza thovu launjikana pakona, usaganize kuti mwana wathiramo sopo. Chimenecho ndi chisa, yaimuna ndiyo imachimanga ndi malovu ake, ndipo ndi yaimuna yomweyo imene imalondera mazira. Ikakuona n'kuyamba kuvinavina kutsogolo, ikupempha chakudya, koma usagonje. Timibulu titatu kapena tinayi m'mawa, tinanso madzulo, n'tokwanira. Zimene ziyenera kukuthamangitsa ndi izi: ikayamba kudzikhula pamiyala, ukaona timadontho toyera ngati mchere kapena fumbi lachikasu pathupi, ikamangokhala pamwamba ikupuma mwawefuwefu, kapena ikakana chakudya masiku angapo. Pamenepo jambula bwino, utenge madzi pang'ono m'kabotolo, upite nawo kushopu ya nsomba kapena kwa dokotala wa ziweto.

Usachite zonsezi tsiku limodzi, pakuti ndimakudziwa, ukamva chinthu umafuna chithe dzuwa lisanalowe. Lero phimba magalasi ndi kusintha madzi pang'ono, mawa konza fyuluta, thanki yaikulu ndi hita zibwere malipiro akatuluka, ndipo posamutsa usamutse ndi siponji yakale yomwe. Nsomba yongofika kumene imatha sabata imodzi kapena ziwiri ikuyendera malire a malo ake, choncho uipatse nthawi. Koma ndibwereze kuti amve ndi alamu anga amene ndikudziwa kuti ali pambali pakopo: musaigulire inzake, ndipo musathiremo mankhwala oikhazika mtima pansi, konzani thankiyo.

Mwanayo umuuze zoona, kuti nsomba yake ikudziona pagalasi n'kumayesa kuti kwabwera mdani, ndipo ntchito yodula katoni ndi yothimitsa nyale madzulo umupatse iyeyo. Zikasamalidwa bwino nsombazi zimakhala zaka 2 mpaka 4, ndiye za maliro tidzakambirana nthawi yake ikadzafika. Loweruka likubwerali unditumizire vidiyo ina, yojambula masana makatani ali otsegula. Ndipo ukadutsa pashopu paja n'kuona ina yabuluu ikukukopa, ukumbukire kuti kusungulumwa si vuto la nsomba yakoyo, vuto ndi malo, ndiponso kuti ine ndilibe misoti yoti ndidzakulipirire mlandu.