Kodi ndi cortisol amene akundigwetsa?

Mayi wina wandilembera imelo. Adokotala anawapeza ndi matenda a kutopa kosatha, ME/CFS. Loweruka anachapa tizovala tochepa n'kuyanika, koma pofika Lolemba ankalephera ngakhale kukweza mkono kuti apese tsitsi. Anawerenga penapake kuti gwero lake ndi kuchepa kwa homoni ya cortisol, ndiye akufunsa ngati angayambe kumwa hydrocortisone, mapiritsi ogwira ntchito ngati cortisol m'thupi.

Amayi, mapiritsiwo musawayambe panokha.

Zimene zinakuchitikirani Lolemba zija madokotala amazitcha PEM, kutanthauza kudwalika kwambiri pambuyo pogwira ntchito ngakhale yochepa, ndipo ndiye chizindikiro chachikulu cha matendawa. Mu 2015, bungwe la akatswiri a zaumoyo la ku America, Institute of Medicine, linachiika pa zizindikiro zoyenera kupezeka munthu asanauzidwe kuti ali ndi ME/CFS. Chovuta chake n'choti chimabwera mochedwa, nthawi zambiri pakatha maola 12 mpaka 48. N'chifukwa chake achibale amakayikira: "Si dzana lomweli munali bwinobwino?" Miyendo imalemera, mawu amathawa pakamwa, kuwala kumakwiyitsa. Sichidikiranso ntchito yolemetsa ayi. Kucheza ndi alendo masana onse kukhoza kukugonekani masiku angapo.

Za cortisol, munawerenga zoona, koma theka chabe. Homoni imeneyi imapangidwa ndi tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo imakwera kwambiri patangotha mphindi 30 mpaka 45 munthu atadzuka. Mwa odwala ME/CFS ambiri imakhala yotsikirapo, makamaka m'mawamo. Koma imatsika pang'ono chabe, moti ambiri akayezedwa magazi amauzidwa kuti zili bwino. Kusagona bwino ndi kukhalitsa pabedi nakonso kungaitsitse, ndiye ine sindingaitenge ngati mwini mlandu.

Mu 1998 ku America anayesapo kupatsa odwala hydrocortisone. Anapezako bwino pang'ono, koma mwa anthu 12 tiziwalo tija tinayamba ulesi, n'kuchepetsa cortisol wa thupi lomwe. Ofufuzawo anaona kuti phindu lake silikulingana ndi chiopsezocho. Mankhwalawa kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsanso.

Pemphani adokotala akuyezeni cortisol wa m'mawa, atsimikize kuti si matenda a Addison, a kulephera kwa tiziwalo tija kupanga cortisol wokwanira, amene amafunikadi mankhwalawo. Wina akakuuzani kuti muzidzikakamiza kuwonjezera masewera olimbitsa thupi mlungu uliwonse, dziwani kuti NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala ku England, inasiya kulimbikitsa zimenezo mu 2021.

Pezani kabuku, muzilemba zomwe mwachita ndi mmene mwadzukira patatha masiku awiri. Kuchapako kugaweni: lero nyikani, mawa muchape mutakhala pansi, ndipo muzileka mukadali ndi mphamvu. Kuyanika apatseni ena.