Tifunseni: Gasi wa m'silinda akukhudzana bwanji ndi sitima zapamadzi?

FUNSO: Akonzi, ine ndinasiya makala chaka chatha nkugula kasilinda ka 6kg. Ndiye tsiku lina ndapita kokadzadzitsa akuti gasi kulibe, kamnyamata ka pashopupo nkumandiuza kuti vuto ndi sitima zapamadzi kunja uko. Ndinangoseka ine. Kodi sitimazo zikugwirizana chani ndi nsima yanga, kapena amangofuna akweze mtengo basi?
Mayi wa ku Chilomoni

YANKHO: Mayi, mnyamatayo sananame kwenikweni, kungoti anakuuzani theka. Gasi wa m'silinda mwanuyo, LPG, sitipanga kuno, amachokera kunja, wambiri amayamba wakwera sitima kufika padoko kenaka nkukwera magalimoto a mathanki kudzafika kuno. Ndiye sitimazo zili ndi tinjira tingapo topanikizika tomwe zimadalira, kamodzi kakangotsekeka mtengo umagwedezeka dziko lonse lapansi, ngakhale kwa ife amene gasi wathu sanadutse pamenepo.

Chitsanzo chomwe ine chimandidabwitsabe ndi cha Panama. Mu 2023 kunagwa chilala, madzi a m'nyanja ya Gatun yomwe imadyetsa ngalande ya Panama anatsika, ndiye sitima zololedwa kudutsa pa tsiku zinachepa kuchoka pa 36 kufika cha m'ma 20 umu. Sitima zonyamula gasi kuchoka ku America kupita ku Asia zinangoti ndondondo pamzere ngati ife pa filing'i sitesheni, ndipo kampani ina ya ku Japan inalipira pafupifupi madola 4 miliyoni kungoti sitima yake idumphe mzere. Mukuganiza ndalama imeneyo anabweza ndani? Ndi ogula ngati inu nomwe.

Chaka chomwecho mu November a Houthi a ku Yemen anayamba kuwombera sitima pa Red Sea, pofika January 2024 sitima za gasi za Qatar zinasiya kudutsa pa ngalande ya Suez ku Egypt nkumazungulira ku Cape, kumunsi kwa South Africa. Ulendo kutalika ndi masiku ngati 10, mafuta ambiri, inshuwalansi kukwera, komanso sitima imodzi imapanga matiripi ochepa pa chaka ndiye zimakhala ngati sitima zachepa pomwe palibe yomwe yamira.

Akatswiri akamayeza chiopsezo amafunsa zinthu ziwiri, njira ina ilipo? Nanga zosungira zilipo zokwana masiku angati? Suez ili ndi njira ina ngakhale yotalika. Koma pa kanjira ka Hormuz, pakati pa Iran ndi Oman, kwa Qatar palibe pothawira, sitima iliyonse yochoka padoko lawo la Ras Laffan iyenera kudutsa pomwepo.

Tsono ife a Malawi mafunso awiriwa amatipweteka kwambiri. Tilibe doko lathu, timadalira madoko a anzathu monga Dar es Salaam ndi Beira, ndipo mukukumbuka momwe namondwe Idai anasakazira Beira mu March 2019. Koma ndikuuzeni zoona mayi, nthawi zambiri gasi akasowa kuno vuto limakhala la pafupi, ndalama zakunja kusowa kubanki, ogulitsa sangathe kulipira katundu ngakhale sitima itafika bwinobwino. Za mtengo, amaika ndi a MERA, ndiye wina akakutchajani mopitirira muli ndi kodandaula. Ngati thumba likulola gulani silinda yachiwiri, ina ikatha muzidzadzitsa pomwepo osadikira zonse zithe.

FUNSO: Nanga si ku Mozambique konkuno kuli gasi wambiri, bwanji osangotenga kumeneko?
Bambo wa ku Mchinji

YANKHO: Bambo, gasi wa ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, ndi mtundu wina, LNG. Amamuziziritsa mpaka -162 digiri kuti asanduke madzi nkuchepa ka 600, ndipo sangalowe m'silinda ya kukhitchini. Wa pa fakitale yoyandama ya Coral Sul amakonzedwera panyanja pomwepo, anayamba kutumizidwa mu November 2022 ndipo amagula yense ndi a kampani ya BP, sapondako nkumtunda komwe. Pulojekiti ya kampani ya TotalEnergies ku Afungi, ku Cabo Delgado komweko, inaima mu April 2021 zigawenga zitaukira tauni ya Palma, gasi ali pansi phee, ogula atasainira kale makontirakiti.