Maselo a histamine mu ubongo wa nkhosa: poyang'ana ndi kasungidwe kake

Achimwene, mutu wa nkhosa wogula pa msika wa Bvumbwe ungakuonetseni malo a maselo a mitsempha opanga histamine (mankhwala a m'thupi otumiza mauthenga mu ubongo), koma maselowo simungawaone ndi maso. Amakhala pamalo amodzi ang'ono, m'chigawo chakumbuyo cha hypothalamus, kagawo ka kunsi kwa ubongo. Tembenuzani ubongowo, muyang'ane kuseri kwa kachingwe kolumikiza ubongo ndi pituitary, kachiwalo kopanga mahomoni. Pali kachotupa kotchedwa mammillary body, ndipo maselowo ali mozungulira pamenepo. Amapanga histamine kuchokera ku histidine, chimodzi mwa tizidutswa topanga mapuloteni, ndipo amathandiza nyama kukhala maso.

Ambiri amalakwitsa pa kasungidwe. Mukauviika ubongo mu formalin yekha (mankhwala osungira ziwalo kuti zisaole), histamine sagwira bwino, amatsukika, kenako mumaganiza kuti maselowo kulibe. Pamafunika EDAC (mankhwala ogwira histamine kuti asatsukike) wa 4% mu madzi a mu labotale otchedwa phosphate buffer, ndipo kachidutswa ka ubongoko kalowemo nkhosa itangophedwa kumene. Mutu womwe wakhala padzuwa kuyambira m'mawa musavutike nawo. Samalaninso ndi mast cells, maselo a chitetezo cha thupi, nawonso ali ndi histamine, koma ndi obulungira, alibe timinyanga ngati maselo a mitsempha.

Zodula ndi kupaka utoto zimafuna labotale ndi katswiri wake. Mukapeza kathumba ka madzi mu ubongomo, ndi mwana wa nyongolotsi ya m'mimba mwa agalu ameneyo. Musapatse agalu, kauzeni alangizi a ziweto.