Yankho kwa achimwene pa za magazi a alamu

Achimwene, mwaswera bwanji ku Chinamwaliko? Mapepala awiri a zotsatira za magazi mwajambula aja ndawaona, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba kundichedwetsa. Mwati alamu ali ndi pakati pa masabata 6, akuona timagazi, Lolemba hCG inali 1,400, Lachitatu yabwera pa 800, ndiye mukufunsa ngati mimba yachoka.

Sindikubisirani ayi. Nambala ikatsika chonchi pa masabata 6, kawirikawiri ndiye kuti mimbayo yasiya kukula. hCG imeneyi ndi homoni yochokera ku kanthu kamene kamadzakhala nsengwa, yomweyo imene imatulutsa mizere iwiri poyeza mkodzo ija. Mimba ikamayenda bwino masabata oyambawa, nambalayo imawirikiza kawiri pa masiku 2 kapena 3 alionse. Imakwera choncho mpaka cha m'masabata 8 kukafika 11, kenako imatsika yokha, ndipo pamenepo palibe chodandaulitsa. Koma alamu sanafike kumeneko.

Tsono apa mundimvetsere bwino. Pepalalo silinena kuti mimbayo yakhala pati. Ilipo mimba ina imene imakhala m'chubu, m'njira ya mazira muja, osafika m'chiberekero. Nayonso nambala yake imatha kutsika kapena kukwera mokwawa, munthu n'kumangoti basi ndapita padera, akhale pakhomo, kumachita kuti chubu chatsala pang'ono kuphulika. Chikaphulika magazi amatayikira m'kati, kunja kumangooneka timadontho. Ine chikundidetsa nkhawa ndi chimenechi. Ndiye mawa mulawire. Mukhoza kuyambira pachipatala chaching'ono cha Matawale, akaona kuti pafunika sikani akutumizani kuchipatala chachikulu cha Zomba Central. Mutenge mapepala onse awiri ndi buku lawo la kuchipatala, ndipo mukapemphe awayezenso malungo, chifukwa malungo nawonso amachotsa mimba.

Koma usiku uno akayamba kumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, kapena phewa kuwawa popanda chifukwa, chizungulire, kufuna kukomoka, kapena magazi ochuluka moti padi ikudzaza ola lisanathe, kaya thupi kutentha, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto, molunjika ku Central. Osawakweza kabaza, munthu wachizungulire angagwe panjira.

Achipatala akakaona kuti mimba inali m'chiberekero koma yachokadi, njira zake n'zodziwika. Ena amawauza kudikira kuti zituluke zokha, ena amawapatsa mapilitsi a misoprostol, ena amawayeretsa m'chiberekero ngati zina zatsalira. Zimenezo akakambirana ndi adokotala. Ndipo asamangogula toyezera mkodzo tija kufamase n'kumayeza m'mawa uliwonse, mizere iwiri imatha kuonekabe masabata angapo mimba itachoka kale, angamangodzipweteka mtima. Ululu wa m'mimba akhoza kumwa Panado. Koma za mizu yoti igwire mimba, chonde ayi. Nambala ikatsika chifukwa mimba yasiya kukula, palibe chomwa chimene chingaibwezere.

Chinanso, ndaona pagulu pano wina walemba kuti n'chifukwa chosenza ndowa ndi kulima kudimba. Aaa, abale, tisamatero. Sindikutchula dzina, koma mawu amenewo alamu awerenga. Mwa mimba 100 zodziwika, pakati pa 10 ndi 20 zimapita padera, zambiri masabata 12 asanakwane, ndipo pafupifupi theka la zoterezi zimakhala kuti dzira ndi mbewu sizinalumikizane bwino pachiyambi penipeni. Si ndowa, si khasu, si kukhala malo amodzi ndi amuna awo, komanso palibe amene wawalodza. Kwathu kuno amayi amasenza nkhuni mpaka mwezi womaliza, ana n'kubadwa bwinobwino. Amayi ambiri amene apita padera kamodzi, mimba yotsatira amabereka.

Inuyo achimwene mawa kuntchito mupemphe, mupite nawo nokha, musangowatumiza ndi mwana. Mukawatengere chitenje china chapadera ndi mapadi, pamzere wa sikani pamachedwetsa. Mukatuluka kwa adokotala mundiimbire, foni ili pafupi ngakhale usiku. Alamu ndiwaimbira pandekha, zotsalazo sitikambira pagulu pano.