Kodi dziko linapsadi chimwala cha ku Chicxulub chitagwa?

Mwafunsa kuti akatswiri amadziwa bwanji kuti kunabuka moto wolusa pamene chimwala chochokera kumlengalenga chinagwa padziko zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo, nthawi imene ma dinosaur, nyama zamakedzana zofanana ndi abuluzi akuluakulu, anatha. Umboni wake uli m'kamzere kopyapyala ka dongo kamene kamapezeka pakati pa miyala m'mayiko ambiri. M'chaka cha 1980, wasayansi Luis Alvarez, mwana wake Walter ndi anzawo analengeza kuti dongoli lili ndi iridium yochuluka modabwitsa, chitsulo chosowa m'nthaka koma chofala m'miyala yakumlengalenga. Pambuyo pake chidzenje chimene chimwalacho chinakumba, chachikulu makilomita pafupifupi 180, chinadziwika ku Chicxulub m'dziko la Mexico.

Nkhani ya moto inayamba mu 1985, pamene Wendy Wolbach ndi anzake anapeza mwaye wambiri m'dongo lomwelo ku Denmark, ku Spain ndi ku New Zealand. Kenaka Jay Melosh ndi anzake anafotokoza kuti timiyala tosungunuka timene tinaulutsidwa m'mwamba tinatenthetsa mlengalenga pobwerera pansi, moti nkhalango zikanatha kuyaka ngakhale kutali kwambiri ndi kumene chimwalacho chinagwera.

Komatu apa mpofunika kusiyanitsa mwaye ndi makala, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepa. Mwaye ndi wopepuka, umauluka ndi mphepo mpaka kutsidya kwa nyanja, choncho kuupeza ku New Zealand sikutanthauza kuti nkhalango za kumeneko ndi zimene zinapsa. Makala ndi olemerera ndipo kawirikawiri amatsalira pafupi ndi pamene moto unayaka. Claire Belcher atafufuza miyala ya ku North America mu 2003, anapeza makala ochepa m'kamzereko kuyerekeza ndi a m'miyala ya pansi pake, pamodzi ndi zidutswa zambiri za zomera zosapsa n'komwe. Zimenezi n'zovuta kuzigwirizanitsa ndi ganizo lakuti dziko lonse linayaka nthawi imodzi. Akatswiri ena amati mbali ina ya mwayewo inachokera ku mafuta amene anali m'miyala ya pamalo pamene chimwalacho chinagunda, osati ku mitengo.

Izi sizikutanthauza kuti moto kunalibe. Mu 2016 ofufuza anaboola mkati mwa chidzenje cha ku Chicxulub, kumbali yake imene ili pansi pa nyanja, ndipo anapeza makala m'matope ndi mchenga zimene mafunde akuluakulu anabweretsa kuchokera kumtunda patangopita maola ochepa, umene ndi umboni wooneka ndi maso wakuti madera oyandikana nawo anapsa tsiku lomwelo.

Ine ndimaona kuti moto waukulu unayakadi m'madera ena, koma zoti nkhalango zonse zapadziko zinapsa pamodzi miyalayi sinazitsimikizire. Chimene chinapha zamoyo zochuluka chikuoneka kuti chinali mdima ndi kuzizira kumene kunatsatira, pamene mwaye, fumbi ndi mpweya wa sulfur wochokera m'miyala zinaphimba dzuwa ndipo zomera zinalephera kupanga chakudya.