Bambo atsala ndi liwu limodzi, kodi akuganizabe?

FUNSO: Anamwino, ndikulemba kuchokera ku Chia, m'boma la Nkhotakota. Bambo anga ndi msodzi wa zaka 64. Miyezi iwiri yapitayo adagwa m'mawa akusoka ukonde, ndipo kuchipatala adati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zidafa. Chotiwawa kwambiri n'chakuti mawu adawathawa. Chilichonse chimene mungawafunse amangoti "mawa, mawa." Achimwene anga akuti tisadzivute kulankhula nawo, mzimu wawo udatsogola kale, chatsala ndi thupi chabe. Koma ine ndikawapititsira phala amandiyang'ana ngati kale lomwe. Kodi maganizo a munthu amakhala pati, mu ubongo, mumtima kapena mumzimu? Nanga munthu wopanda mawu angathe kuganiza? Ndine mwana wawo wamkazi, ku Chia.

YANKHO: Mwana wanga, pepani ndi matendawa. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri pakhonde panga kuno ku Salima, ndipo ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Malinga ndi zimene mwafotokozazi, bambo anu alipo. Chimene chawonongeka ndi njira yotulutsira mawu.

Mwati mbali yakumanja ndiyo idafa. Mitsempha yochokera mu ubongo imapingasana isanatsikire m'thupi, kotero kuti mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo imayendetsa dzanja ndi mwendo wakumanja. Mwa anthu ambiri, mbali yakumanzere yomweyo ndiyo imagwira ntchito ya chilankhulo. Magazi akatsekeka kumeneko, kapena mtsempha ukaphulika, ziwalo zakumanja ndi mawu zimapitira limodzi. M'chaka cha 1861, dokotala wina wa ku Paris dzina lake Paul Broca adaona wodwala amene kwa zaka pafupifupi 20 ankangotha kutchula liwu limodzi lokha, lakuti "tan". Munthuyo ankamva zimene anthu ankamuuza, ankayankha ndi manja, ndipo ankapsa mtima akapanda kumumvetsa. Atamwalira, Broca adapeza malo owonongeka mu ubongo wake, kutsogolo chakumanzere. "Mawa, mawa" wa bambo anuyo ndi "tan" uja n'chimodzimodzi.

Za mtima ndisachedwepo. Ife timati "ndaganiza mumtima mwanga", koma tikaona munthu wosokonezeka timatinso "mutu wake sukuyenda bwino". Ngakhale Aristotle, katswiri wakale wa ku Greece, ankaphunzitsa kuti nzeru zili mumtima, ubongo ntchito yake n'kuziziritsa magazi. Koma mu 1967, ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, dokotala Christiaan Barnard adaika mtima wa mtsikana m'chifuwa cha bambo wina wachikulire. Bamboyo adakhala ndi moyo masiku 18, ndipo m'masiku amenewo ankacheza ndi mkazi wake monga munthu yemwe uja, ndi zikumbukiro zake zomwe. Mtima umagunda tikachita mantha kapena tikakonda munthu chifukwa ubongo wautuma, n'chifukwa chake timamva ngati zonse zikuchitikira pachifuwa.

Chimene chidandiphunzitsa ine zambiri ndi kaodzera. Ndili namwino wachitsikana ndidagwirapo ntchito m'boma lanu lomwelo, ndipo tinkalandira odwala ochokera m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya nyama, kumene kuli ntchentche za kashembe. Sindidzaiwala bambo wina mlimi wa chinangwa, munthu wofatsa, mkulu wa mpingo kwawo. Tizilombo titafika mu ubongo, adayamba kugona usana, kuyendayenda usiku, ndi kutukwana mkazi wake pamaso pa ana. Abale ankati walodzedwa, ena ankati chamulowa chiwanda. Mkazi wakeyo ankangolira kunja kwa wodi, nati, "Awa si amuna anga." Mankhwala atagwira ntchito, ulemu wake udabwerera pang'onopang'ono, ndipo atamva zimene ankalankhula adagwira pakamwa ndi manyazi. Kachilombo kosaoneka ndi maso kadasintha khalidwe la munthu wamkulu, kenaka jakisoni adalibweza. Kuyambira pamenepo sindingavomere kuti maganizo amangouluka paokha osakhudzana ndi thupi. Inunso mudaona zimene kapu ya kachasu imachita kwa munthu wanzeru zake, kapena mwana amene malungo amukwera kumutu.

Ubongowo sukwana n'komwe kilogalamu imodzi ndi theka, koma muli maselo a mitsempha pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo umadya magawo 20 pa 100 alionse a mphamvu ya thupi lonse. Maselowa amapatsirana uthenga ndi timphamvu tamagetsi ndi timadzi tapadera. Mukakumbukira nkhope ya agogo anu, kapena mukawerengera mtengo wa ndowa ya usipa, zimenezi n'zimene zikuchitika m'mutu mwanu.

Komabe ndinganame ndikanena kuti nkhani yathera pomwepa. Anthu ophunzira akhala akulimbana nayo kwa zaka mazanamazana. René Descartes wa ku France ankati thupi ndi chinthu china, maganizo ndi chinthu chinanso chosagwirika. Mu 1643, mwana wamkazi wa mfumu, Elisabeth wa ku Bohemia, adamulembera kalata kumufunsa kuti chinthu chosagwirika chingasunthe bwanji dzanja la munthu. Mayankho ake sadamukhutiritse mayiyo, ndipo inenso sandikhutiritsa. Koma amene amati zonse ndi mnofu basi alinso ndi funso lawo lowapinga. Makina a masiku ano angathe kuonetsa mbali ya ubongo imene ikugwira ntchito pamene munthu akudya chambo chootcha ndi kondowole, koma kukoma kumene iye akukumva sikuoneka pamakinapo. Chifukwa chiyani kuyenda kwa magetsi mumnofu kumadza ndi kumva kukoma, kuwawa, chisoni? David Chalmers wa ku Australia adalitcha limeneli vuto lovuta m'zaka za m'ma 1990, ndipo akatswiri akukanganabe mpaka lero.

Ine ndimaziona chonchi. Nthawi ya mwera ndimakonda kukhala pamchenga ku Senga Bay kuyang'ana mafunde. Funde ndi madzi omwewo akuchita kanthu. Mukatunga m'ndowa simupezamo funde, koma palibe msodzi anganene kuti funde kulibe, pakuti limagudubuza bwato ndi anthu omwe. Ganizo ndimalitenga motero, kuti ndi zimene ubongo wamoyo ukuchita, ndipo lili ndi mphamvu yeniyeni: ndi ganizo limene lidakunyamulitsani cholembera kuti mundilembere. Za mzimu, ine ndine munthu wopemphera ndipo ndimakhulupirira kuti moyo suthera kumanda. Koma kaya kwanu mumapita kutchalitchi kaya kumzikiti, sindidamvepo chiphunzitso chakuti mzimu umamuchokera munthu akadali kupuma, akumwa phala, akuyang'ana mwana wake m'maso. Achimwene anu atopa ndipo ali ndi chisoni, musawade. Koma pa ichi alakwitsa.

Tsono funso lanu lomaliza, limene kwa ine ndilo lalikulu. Inde, munthu amaganiza popanda mawu. Bambo anu akhala akutero moyo wawo wonse. Akaona mitambo ndi maonekedwe a madzi ankadziwa kuti mphepo itembenuka asanatchule liwu n'limodzi lomwe, ndipo zala zawo zinkadziwa pong'ambika ukonde pakamwa pali chete. Mu 2005, Rosemary Varley ndi anzake a ku yunivesite ya Sheffield ku England adayesa amuna atatu amene ubongo wawo udawonongeka mpaka kulephera kulumikiza kapena kumva bwino ziganizo. Atawapatsa masamu olembedwa m'manambala, ankawapeza. Chilankhulo chidapita, kuwerengera kudatsala.

Choncho lankhulani nawo tsiku lililonse, mwachidule, mukuyang'anana, wailesi itatsekedwa. Funsani chinthu chimodzi n'kudikira, osawamalizira. Nthawi zina odwala otere amasokoneza "inde" ndi "ayi", ndiye ndi bwino kuwaonetsa zinthu ziwiri kuti aloze. Yesaninso kuimba nawo nyimbo imene ankaikonda, chifukwa ambiri amene alephera kulankhula amatha kuimba mawu a nyimbo yakale. Ndidaziona ndi maso anga m'wodi, mayi wina wosalankhula akutsatira kwaya imene idabwera kudzacheza ndi odwala, ndipo tonse tidagwetsa misozi. Musadumphitse mafizo, pakuti miyezi yoyambirirayi ndi pamene ubongo umaphunzira msanga njira zatsopano, ndipo mankhwala a BP ngati adawapatsa azimwa mosalekeza kuti sitiroko isabwerenso. Akamatsamwa pakudya kapena akamangolira ndi kukana chakudya, kauzeni achipatala. Ndipo chonde, nkhani za kugawana maukonde ndi bwato musazikambire pamutu pawo ngati palibe munthu. Mwina akumva zonse.

Kunyanja kwanuko amuna ambiri amadziwa bawo. Ngati bambo anu ankasewera, litengeni madzulo ano, muliike pamkeka patsogolo pawo, ndipo achimwene anu akhale mbali inayo. Bambo atole nkhomo ndi dzanja lamanzere. Akalephera tsiku loyamba musataye mtima, thupi lodwala limatopa msanga, mudzayesenso tsiku lina m'mawa atapuma. Mudzandilembere kuti adadya nkhomo za mnzake ndani.