Chamera chokha pabedi la mpiru: aphike kapena azule?

Mayi ena a ku Chilomoni andilembera imelo. Akuti atathira manyowa a m'khola la ng'ombe pabedi lawo la mpiru, pamera chinthu chomwe sanabzale: tsinde losalala logawikana pawiripawiri, masamba aakulu a mano m'mbali, onunkha moipa ukawafikisa m'manja. Aneba awo akuti ndi mnadzi wonenepa ndi manyowa. Akufunsa ngati n'kuphika.

Mayi, musaphike, ndipo musalawe n'komwe.

N'zoona kuti ndiwo zathu zambiri zimamera zokha. Bonongwe, chisoso, luni, denje, zonsezi zimabwera ndi mvula yoyamba kapena ndi manyowa, popeza njere zina zimadutsa m'mimba mwa ng'ombe zili zamoyo. Koma zomwe mwafotokozazi zikundikumbutsa Datura stramonium, chomera cha banja limodzi ndi tomato, fodya ndi mnadzi womwewo, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka chikadali chaching'ono. Chimakonda kwambiri dothi lachonde, pafupi ndi makola ndi kudzala.

Chomwe chidzathetse mkangano wanu ndi aneba ndi duwa. Mnadzi umatulutsa timaluwa ting'onoting'ono toyera, tachikasu pakati, kenako tizipatso takuda todzadzana pamodzi. Datura amatulutsa duwa lalitali ngati lipenga, loyera kapena lofiirira pang'ono, lomwe limatseguka madzulo. Chipatso chake n'chachikulu pafupifupi ngati dzira, chaminga thupi lonse, ndipo chikauma chimang'ambika panayi n'kumwaza njere zakuda zambirimbiri zomwe zimakhala m'nthaka zaka zambiri zisanafe.

Poizoni wake, atropine ndi scopolamine, ali paliponse: m'masamba, m'maluwa, makamaka m'njere. Kuphika sikumuchotsa. Wodya amauma kukamwa, mboni za m'maso zimakula, mtima umagunda mothamanga, amayamba kubwebweta ndi kuona zinthu zomwe palibe. Zikatero thamangirani naye kuchipatala cha Queens msanga, mutanyamula nthambi ya chomeracho kuti adokotala aione. Chimandidetsa nkhawa ine ndi mpiru wanuwo, chifukwa mwana wotumidwa kukathyola ndiwo kachisisira akhoza kusakaniza masamba osadziwa.

Choncho zulani zonse za pabedipo lero, mutavala magolovesi kapena jumbo m'manja, ndipo musambe bwino mukamaliza. Ngati mukufuna kutsimikiza dzina, okerani chimodzi m'chitini kutali ndi ana, nkhuku ndi mbuzi mpaka chichite maluwa, koma muchizule zipatso zisanakhwime. Zomwe zabereka kale musaziponye mu kompositi.

Nthambi yokhala ndi duwa mukhoza kuionetsa kwa mlangizi wa zaulimi, kapena kwa amayi achikulire ogulitsa masamba mumsika wa Limbe, omwe amadziwa bwino ndiwo zakutchire. Akatswiri enieni otchula maina a zomera ali ku National Herbarium ku Zomba. Mukamajambula chithunzi, tsamba lioneke mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi tsinde ndi duwa, ndipo muike bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike.